Alamu Anga Anadya Dikishonale

Alamu anga a Luan Deshui anadya dikishonale. Sindikuphiphiritsa ayi. Ndinkawaona ndi maso angawa akung'amba tsamba, kulipinda kanayi, kuliponya m'kamwa n'kumatafuna ngati mbuzi, kenako n'kutsitsira madzi otentha a m'fulasiki. Mano awo, amene anali kale achikasu chifukwa cha fodya, anayamba kuda ndi inki m'mbali mwa usinini. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita nseru.

Ine ndine Bian Guizhi, mng'ono wake wa malemu mkazi wawo. Timakhala m'nyumba imodzi kuno ku Luoyang, mwa zija fakitale inamangira antchito ake kalekale, iwo khomo la kumanja, ine la kumanzere, pansanjika yachisanu. Chikepe mulibe. Kwa zaka zoposa makumi atatu ndakhala ndikumva chifuwa chawo kudzera pakhoma, ndiye ngati pali munthu woti anene za iwo, ndi ineyo.

Kufakitale anali oyeza zitsulo. Chitsulo chikatuluka m'makina chinkafikira patebulo pawo, iwo n'kuchipana ndi kachipangizo kawo, ndipo chikaphonya ngakhale pang'ono bwanji ankachiponya m'dengu la zotaya, osamva za munthu. Anzawo ankawada. Mabwana ankawapatsa mapepala ofiira a ulemu, amene mpaka pano ali ndandanda pakhoma, ntchentche zitawanyerera. Choipa n'chakuti khalidwe limeneli ankabwera nalo kunyumba. Mkulu wanga akakulunga zitumbuwa zoika nyama m'kati zija timati jiaozi, mwamuna wake ankaziyala pathireyi n'kumapatula zopindika, ati zimenezo asaphikire alendo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Haiyan, atabwera kuchokera kusukulu ndi malikisi 98, bambo wake anangomufunsa kuti awiri enawo wawasiya kuti. Sankamenya, sankatukwana, sankaledzera. Anthu apanja ankati mkulu wanga anakwatiwa pabwino, ine ndinkangotsonya.

Haiyan anakhoza mayeso onse amene anamuikira patsogolo, ndipo atatha anathawira kutali kumene akanatha. Anakaphunzira ku New Zealand n'kukwatiwa komweko ndi mzungu wina wamtali, wofatsa, dzina lake Colin. Mkulu wanga anamwalira mdzukulu asanabadwe. Mwanayo anamutcha Tessa, ndipo tinkangomuonera pafoni Lamlungu lililonse. Atayamba kuyankhula tinazindikira kuti chilankhulo chathu sachidziwa n'komwe. Haiyan anati kunyumba kwawo amayankhula Chingerezi chokha poti Colin zathuzi samva. Ndiye pafonipo mwana ankayang'ana agogo ake, agogo ake n'kumayang'ana mwana, mpaka batire kutha.

Tsiku lina m'mawa alamu anandipeza ndikusenda adyo pakhomo panga.

"Alamu," anatero, "mawu oyamba amene ndidzamuuze mwana uja adzakhala a Chingerezi. Ndipo simudzakhala cholakwika ngakhale chimodzi."

"Muli ndi zaka zingati kodi, alamu?"

"68."

"Nanga osangomugulira switi bwanji? Switi amamveka kulikonse."

Sanaseke. Munthu ameneyu kuseka amakuona ngati kuwononga mpweya. Madzulo ake anabwera ndi dikishonale ya chikuto chofiira, ya Chingerezi ndi Chitchaina, yonenepa ngati njerwa.

Anayamba monga amayambira ana athu onse a sukulu, pa chilembo choyamba, tsamba loyamba, mawu oyamba. M'mawa uliwonse ankapita kupaki ya m'mphepete mwa mtsinje, komwe ife amayi timavina ndi zokupizira mphepo, n'kukaima moyang'anizana ndi mtengo. Akatero ankakuwa. Ankatchula mawuwo, kenako zilembo zake chimodzichimodzi, kenako tanthauzo loyamba, lachiwiri, lachitatu, mpaka onse, kenako ziganizo za chitsanzo monga zinalembedwera, malovu ali thothotho pakhungwa la mtengo. Anzanga ovina nawo ankandifunsa kuti, "Guizhi, si alamu ako awo?" Ine ndinkati sindikuwadziwa.

Zong'amba masamba anazimva kwa a Qu, aphunzitsi opuma ntchito amene amakhalira kusewera tchesi pansi pa mtengo womwewo. A Qu anati ophunzira enieni akaloweza tsamba amaling'amba n'kulitaya, kuti mtima udziwe kuti kobwerera kulibe. Zambiri za a Qu n'zongokamba, koma alamu anazitenga ngati lamulo la boma, n'kuwonjezerapo zawo. Kutaya pepala lolembedwa anati n'kupanda ulemu. Ndiye anayamba kudya.

"Chimene chalowa m'mimba sichitayika," anandiuza, kachidutswa ka pepala katamatirira pamlomo.

"Chimene chalowa m'mimba chimatuluka mawa lake, alamu. Ndimakumvani pakhomapa."

Anachita zimenezi zaka zitatu, tsamba limodzi patsiku, kaya kuli chipale chofewa kaya akutsokomola. Bukulo linaonda mpaka chikuto chinayamba kukupiza. Anthu a m'nyumba mwathu anawapatsa dzina loti Pulofesa, ndipo makolo ankabweretsa ana awo aulesi kupaki kudzawaonetsa nkhalamba yolimbikira. Koma ine ndinaona chinthu china chimene enawo sanaone. Nyengo ya maluwa, pamene alendo akunja amadzaza mumzinda, mzungu wina wachikulire anatiimitsa panjira atanyamula mapu. Pulofesa wathu anawoloka msewu mothamanga, galimoto zikuimba mahutala. Nditawapeza tsidya linalo anati, "Sindinakonzeke." Pafoni namonso, mdzukulu akamabwebweta, iwo ankangogwedeza mutu, kukamwa kuli tsekee. Ati akusungira tsiku lake.

Tsikulo linafika. Haiyan anaimba kuti akubwera onse atatu mu Epulo, adzakhala masiku asanu ndi limodzi. Tessa anali atakwanitsa zaka zinayi. Tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti ulendo wotere suchitika chaka ndi chaka, komanso kuti munthu wa zaka 71 wachifuwa chotere sangamawerengere maulendo ambiri.

Takisi inawatsitsa pakhomo la pansi masana. Colin anali ndi masutikesi manja onse awiri, Haiyan zikwama paphewa ndi m'manja. Kamwanako kanali katavala nsapato za mphira zachikasu, tsitsi lili nyankhalala, maso ofiira ndi tulo ta m'ndege. Kanayang'ana masitepe, kanayang'ana bambo ake, kanayang'ana mayi ake. Kenako kanatembenukira kwa nkhalamba imene kankaiona pafoni, kanakweza manja onse awiri m'mwamba n'kunena kuti, "Carry me."

Ine Chingerezi sindidziwa ngakhale cha moni, koma ndinamva. Galu amene akanamva. Alamu nawonso anamva, ndikulumbira. Koma anangoima chilili, manja ali m'mbali, milomo ikugwedera. Ndinayang'anitsitsa ndipo ndinaona kuti akuwerenga ndi zala pantchafu.

"Alamu, mwanayu akuti mumunyamule."

"Ndamva," anayankha chapansipansi. "Ndikufuna ndimuyankhe bwino."

Mwana anaimika manja aja kwa kanthawi. Kenako manjawo anayamba kutsika pang'onopang'ono. Ndinawakankha alamu ndi chigongono n'kumunyamula ndekha. Ndinakwera naye nsanjika zonse zisanu ndi maondo anga owolawa, iye atandikoleka manja m'khosi, mutu wake ukununkhira mkaka ndi thukuta. Pulofesa ankabwera m'mbuyo chimanjamanja, akung'ung'udza.

Madzulo alendo akusamba, alamu anandilondola kukhitchini kwanga nkhope itagwa. Ndinaganiza kuti abwera kudzanena kuti achita manyazi, ndipo ndinali wokonzeka kuwakhululukira.

"Mawu aja ali ndi matanthauzo khumi ndi awiri," anatero. "Ndikukumbukira khumi ndi limodzi."

"Ndiye kayang'aneni m'buku mwanu."

Anayang'ana pansi.

"Tsamba limenelo ndinadya chaka chadzana."

Ndinaseka mpaka kutsamira sinki. Koma kusekako kunathera panjira, chifukwa ndinaona kuti munthuyu sakuseleula.

"Alamu, tanthauzo lake ndi manja aja. Mawa akakweza, inu weramani, nyamulani, basi. Mukhoza kuchita muli duu."

"Inu simungamvetse. Ngati ndimuyankhe ndi mawu omwewo, ndiyenera kudziwa kagwiritsidwe ntchito kake konse. Nanga ndikalakwitsa pamaso pa mkamwini?"

"Funsani Haiyan, ali khomo linalo."

"Bambo azifunsa mwana wake?"

"Funsani foni, nanga si ana onse amatero."

"Za pafoni alemba ndani? Mukumudziwa?"

Ndinawauza kuti atuluke, ndikufuna kukazinga nsomba.

Tsiku lachiwiri tonse tinapita kukaona maluwa. Iwo ayi. Anakwera mabasi awiri kupita kusitolo yaikulu ya mabuku kuti akakopere tsambalo. Kumeneko anapeza kuti buku lawo anasiya kulisindikiza, ndipo latsopano lili ndi matanthauzo khumi ndi anayi. Anabwerako atasokonezeka ngati munthu amene wauzidwa kuti ali ndi ana ena awiri kumudzi. Tsiku lachitatu anakakhala kwa a Qu kuyambira m'mawa, nkhalamba ziwiri zikukangana kuti buku lolondola ndi liti, tiyi akuzizira.

Masiku onsewa mwana anali pa ine. Ndinapita naye kumsika, anagwira nsomba yamoyo m'beseni n'kukuwa. Ndinamumwetsa msuzi wa ng'ombe wa m'mawa, anaulavula, kenako anaufunanso. Ndinkamuyankhula chathu, iye n'kumandiyankha chake, ndipo sitinasowane ngakhale kamodzi. Akafuna kukodza ndinkadziwa, akakwiya ndinkadziwa. Akatopa ankangokweza manja n'kunena mawu ake aja, mpaka nanenso ndinawaloweza osadya pepala lililonse.

Koma mwana ndi mwana, anayesanso. Madzulo a tsiku lachitatu ndinamuona akulowa m'chipinda cha agogo ake, iwo atawerama patebulo akukopera m'kope ndi cholembera chawo cha inki. Anawakoka buluku n'kukweza manja. Alamu sanatembenuke bwinobwino. Anangoimika chala chimodzi m'mwamba, muja amachitira munthu wa pawindo la ofesi ukamufulumizitsa. Mwana anayang'ana chalacho, anatsitsa manja, n'kutuluka. Sanadzawapemphenso.

Haiyan anaona nawo. Anabwera kukhitchini kwanga n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale.

"Amayi aang'ono, ine ndimati mwina ukalamba wawafewetsa."

"Mwana wanga, bambo akowa akuchita zonsezi chifukwa cha mwana yemweyo."

"Ndikudziwa. Inenso zonse ankachitira ine." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, thovu n'kutsalira patsaya. Ndinamupatsa nsalu.

Tsiku lachisanu achibale anakonza phwando kulesitilanti, matebulo awiri ozungulira. Maphwando a kwa a Luan ndimawadziwa ndipo sindiwakonda. Amuna amathirirana mowa woyera mokakamizana, mafupa a nkhuku kulavulira pansalu ya patebulo, aliyense kukuwa ngati mnzake ali tsidya la mtsinje. Colin anamumwetsa matambula atatu, nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Mbale zitafika pakati, mng'ono wawo wa alamu, Deshan, wogulitsa matayala, anaimirira mlomo uli noninoni ndi mafuta n'kumenya tambula ndi timitengo todyera.

"Achimwene, zaka zitatu mwakhala mukutisokosera kupaki. Lero mzungu ndi uyu. Tamuonetsani kuti kwa a Luan kuli mitu."

Kwathu kuno ndi mmene timachitira. Mwana akaloweza ndakatulo timamuimika pamaso pa alendo kuti alakatule, ndipo zikuoneka kuti nkhalamba nayonso timaiimika. Ndinkayembekeza kuti akana monga anathawira mzungu wa mapu uja. Koma izi zinali zina. Apa panalibe woti awayankhe, panali kungotulutsa zimene analowetsa. Anaimirira, anamanga mabatani a jekete mpaka pakhosi, manja kumbuyo, maso kudenga.

Anasankha mawu omwe aja. Anawatchula, anatchula zilembo zake zisanu, n'kuyamba. Tanthauzo loyamba, kunyamula chinthu kuchoka nacho pena kupita pena, chitsanzo chake ichi. Lachiwiri, kuyenda ndi chinthu m'thumba. Lachitatu, kufalitsa matenda. Anapitirira, mayi kukhala ndi pakati, mawu kumveka patali, sitolo kukhala ndi katundu, mzati kuchirikiza denga, chilichonse ndi chiganizo chake cha Chingerezi kenako cha Chitchaina. Operekera zakudya anaima pakhomo ndi mbale m'manja. Anafika pa khumi ndi chinayi osapunthwa pena paliponse, n'kuwerama.

Chipinda chonse chinaphulika ndi m'manja. Deshan anamenya tebulo mpaka msuzi kutayika. Colin, munthu wa ulemu, ananena kudzera mwa Haiyan kuti iye mwini Chingerezicho akanatchula anayi okha, ndipo mawu amenewa anawazunguliza matebulo onse awiri, aliyense kuwabwereza kwa mnzake. Nkhope ya alamu inawala mmene sindinaionerepo, ngakhale tsiku la ukwati wawo.

Tessa anali pamiyendo panga nthawi yonseyi, akubudula banzi n'kumaponya tizidutswa m'tambula yanga ya tiyi. Atamva mawu ake aja akutchulidwa koyamba anadzutsa mutu n'kuyang'ana agogo ake. Atawamva kachisanu anabwerera kubanzi lake. Ndinayang'ana milomo ya mafuta ija, mafupa pansalu, anthu akuluakulu akuombera m'manja munthu amene wafotokoza kunyamula m'njira khumi ndi zinayi, mwana woti anyamulidweyo ali apa pamphuno pawo. Zinandinyansa mpaka chakudya chinandikana. Ndipo inenso ndinaomba nawo m'manja, poti onse ankaomba. Chimenecho ndiye chimandinyansa kuposa zonse.

Tsiku lomaliza tinawaperekeza kusiteshoni ya sitima. Alamu anameta ndevu, anavala malaya oyera, ndipo m'basi monse ankasuzumira kakhadi kamene anabisa m'dzanja. Chiganizo chawo chinali chitapsa tsopano. A Qu anali atachiona kawiri n'kuvomereza.

Tinafika pampanda paja operekeza amalekezera. Anthu anali pikitipikiti, chimkuzamawu chikulengeza sitima. Haiyan anandikumbatira, anagwira bambo ake pamkono. Pamenepo alamu anaika kakhadi m'thumba, anatsokomola, n'kunjuta pamaso pa mwana, maondo akulira ngati nkhuni zouma. Anayankhula pang'onopang'ono, momveka, liwu lililonse palokha. Haiyan anandimasulira pambuyo pake pafoni. Akuti anati, "Inde, mdzukulu wanga wokondedwa, ndine wokondwa kukunyamula, ndipo ndidzakunyamula kulikonse kumene ufuna kupita." Atatha anatambasula manja onse awiri.

Mwana anawayang'ana mmene ana amayang'anira munthu wachilendo wa m'basi. Anabwerera m'mbuyo, anazungulira kuseri kwanga n'kukwirira nkhope m'siketi yanga. Haiyan anamunyengerera, Colin anamunong'oneza, iye n'kumangokanirira mwendo wanga. Chimkuzamawu chinalengezanso. Colin anamumatula pa ine n'kumuika paphewa, ndipo analowa. Mwanayo ankandibayibitsa ine mpaka anakhota.

Nditatembenuka ndinapeza alamu akadali chinjutire, manja ali chitambasulire, anthu a masutikesi akuwalambalala uku ndi uku. Kudzuka kunawakanika. Ndinachita kuwakoka ndi mkono.

Tinakwera basi yobwerera. Ine ndinali nditakonza mawu anga onse, a masiku asanu ndi limodzi ndi a zaka makumi atatu, ndipo ndinkangodikira kuti tifike pathu ndiwakhuthulire. Tinayamba kukwera masitepe. Pansanjika yachitatu anaima kuti apume, atagwira chitsulo cha m'mbali, chifuwa chikulira.

"Alamu," anandiitana.

"N'chiyani?"

"Munalibe cholakwika m'mawu anga aja, eti?"

"Nanga ine ndidziwa bwanji? Haiyan sanakukonzeni."

Anagwedeza mutu. Tinakwera nsanjika ziwiri zotsalazo. Pakhomo pawo analowetsa kiyi koma sanapotokole. Anaima choncho atandifulatira, ine ndikufunafuna wanga m'chikwama, mawu anga aja ali pakhosi.

"Kodi ndi wolemera, mwanayo?" anafunsa.

"Wolemera ndithu. Msana ukundiwawabe mpaka pano."

"Pati?"

Ndinawalozera, apa m'munsi cha kumanzere, pamene mwana amakhalira ukamunyamulira pambali. Anayang'ana kwa nthawi. Kenako anapititsa dzanja kumbuyo n'kuligwiritsa pamsana pawo, pamalo omwewo, n'kulisiya pomwepo.